Masiku Atatu

Benchi ya panja pa ofesi ndi yozizira ngakhale mu Okutobala.
Ndakhalapo kuyambira belu la m'mawa,
thonje likuuluka pabwalo la fakitale
n'kumadzatera m'tsitsi mwanga
ngati likufuna kundikalambitsa lero lomwe.

Andiitana ndi dzina lonse: Zelipa Nkhoma.
Dzina lonselo ndimalimva kuchipatala basi,
ndi pa tsiku la malipiro.

M'katimo anthu atatu, tebulo limodzi.
A Miti, akapitawo, akuyang'ana zikhadabo zawo.
Wa yuniyoni wakhala pambali panga,
foni ikunjenjemera m'thumba mwake.
Mayi Shawa atsegula buku la maina.
Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi,
timitanda titatu tofiira
tandandalika pamzere wanga.

Munali kuti?
Ku Vubwi, kumaliro.
A ndani?
A Tisauke.
Ndani wanu?

Pepala lawo lili ndi mabokosi anayi:
bambo, mayi, mwamuna, mwana.
Ndaliyang'ana pepalalo mpaka pansi
kufunafuna bokosi la mkazi wa khomo loyandikana
amene ananditola pamphasa
amayi atatsikira kulichete ndili ndi miyezi iwiri,
nandipatsa bere lakumanzere
lakumanja akuyamwa Yotamu wake.
Bokosi limenelo sanalijambule.
Ndati, ndi aneba athu akale.
Mayi Shawa alemba mawu amodzi okha,
aafupi kwambiri.

Bwanji simunapemphe chilolezo?
Ndati foni inalibe tokotaimu.
Inalibedi.
Koma yankho lawo ndinkalidziwa kale,
ndinangoopa kulimva ndisanakwere lole.
Ndinachoka ku Mchini kusanache,
ndinadutsa pageti pano nyali zikuyakabe,
mlonda anandikweza dzanja, nanenso ndinamukweza.

Mwati anaika Lachitatu. Nanga Lachinayi?

Apa wa yuniyoni watsokomola.
Ndati kunalibe galimoto.

Zinadutsa ziwiri, sindinaimitse.
Ndinali pakhonde pawo ndi lichero pamiyendo,
kumaliza kuswa mtedza umene anausiya pakati,
makoko akugwera pamapazi,
nkhuku zawo zikundizungulira
ngati sizinamve kanthu.
Zimenezi sindinanene.
Ndikanayambira pati, pamaso pa wotchi ya pakhoma?

Akambirana chapansipansi m'Chingerezi.
Ndamvamo dzina langa kawiri,
ndamvamo zaka zanga zisanu ndi chimodzi
za kusoka mabelo osajombapo,
kupatula tsiku lija mlatho unasefukira.
Kenako chigamulo:
masiku atatu adulidwa pamalipiro,
ndipo ili ndi chenjezo lomaliza.
Ndawerengera mumtima.
Lendi ikwana. Nsapato za Mavuto zidikire Disembala.

Sainani apa.
Cholembera chakana, changokanda pepala.
A Miti andipatsa chawo osandiyang'ana,
ndipo potenganso anong'ona, pepani ndi zovutazo,
mofulumira, ngati akuba.

Ndapinda kalatayo kanayi, ndaibisa m'kamisolo.
Ikundikanda poyenda.

Kushedi makina akubangula monga mwa masiku onse.
Dailesi ali pamzere wanga,
chala chachikulu wachikulunga ndi kansanza kabuluu,
magazi atulukira kunja n'kuuma.
Mabelo anga a masiku atatu
ali apo, osokedwa ndi dzanja lake,
ndikuzindikira mfundo zake zopendama.

Sanafunse kuti zatha bwanji.
Ndamutambasulira mtedza wa m'thumba,
walandira, watafuna umodzi,
maso ali pa zingano.

Kenako, m'phokoso lonselo,
wayandikira khutu langa:
Iwo aja ndi mabwana, chabwino.
Koma ine, Zelipa? Ngakhale ine osandiuza?

Ndatenga zingano yanga pamsomali.
Ulusi ukukana kulowa pabowo.
Ndayesa kachitatu.