Malo a Thanki

Inafika Lachitatu, itakulungidwa m'bulangete ngati wodwala,
dzina langa lili pa katoni: Asiyatu, Namwera.
Kuchokera ku Joni pa basi, kuchokera pa boma pa matola.
Anyamata atatu anaitsitsa akubuula,
wina nati, Mayi, kodi limeneli si bomba?

Ndi thanki ya madzi otentha, malita zana ndi makumi asanu.
Pa pulani imene Twaibu anajambula
kuseri kwa lisiti ya simenti
pali zipinda zitatu, balaza, bafa, kasitolo,
ngakhale msomali wopachikapo kalendala ulipo.
Thanki palibe.

Achibale a ku Mpondasi anaseka pafoni:
Mangochi yotentha ngati chiwaya,
inu mukugula kutentha ndi ndalama?
Sadziwa Juni wa kuno kumtunda,
nkhungu ikatsika m'mapiri n'kugona pakhonde.
Sanaonepo apongozi anga, Che Mbalaka,
akutawaza mbandakucha ndi dzanja limodzi lotsala,
madzi a m'ndowa akuwaluma mpaka m'mafupa,
iwo osadandaula,
mano okha kugogoda.

Che Kalisinje anabwera ndi tepi ndi pensulo kukhutu.
Anayang'ana kudenga, napukusa mutu.
Mitanda iyi ndi bulugamu wanthete, anatero,
madzi ndi katundu, Mayi,
tsiku lina adzakupezani pabedi.
Thanki imafuna mpata ngati munthu:
mkono kuno, mkono uko,
poti ndidzapinde bondo ndi sipanala ikadzadontha.
Paipi ya nthunzi iloze kunja, kosapita ana.
Ikhale pafupi ndi bafa,
madzi akayenda ulendo wautali amafika atazizira.

Nanga magetsi akazima?
Tinatuluka kuseri. Anaponya fumbi m'mwamba
kuti aone kolowera mphepo.
Apa timange ng'anjo ya njerwa, mgolo pamwamba pake,
chumuni chipitirire denga,
utsi usakalowe pawindo la akuluwo.
Nkhuni zikhale uko, mapazi khumi, zisamve moto.
Anakhoma zikhomo zinayi, namanga chingwe.
Nkhuku zinabwera kudzayendera.

Usiku ndinatumiza mawu pafoni.
Yankho linabwera m'mawa, magalimoto akulira kumbuyo kwake:
Ingoikani paliponse.

Paliponse.
Ndinayenda m'nyumba yopanda pulasitala kufunafuna paliponse.
Ngodya iyi ndi ya matumba a chimanga.
Iyi ndinalonjeza Shakira, tebulo lowerengera, ali folomu thuu.
Pawindo la kum'mawa ndi pa makina anga osokera,
zaka zisanu ndi chimodzi ndikusokera pakhonde la eni,
pamenepo ayi.

Ndinaima m'chipinda chathu.
Khoma la kubafa, mbali yakumanzere,
pomwe pulani ikuti wodirobu ya bambo.
Zitseko zitatu, galasi pakati,
ya munthu wobwera kamodzi pa zaka ziwiri
ndi chikwama chimene samasula n'komwe.

Ndinaitana Che Kalisinje.
Gumulani apa, khoma libwerere m'kati njerwa zinayi,
khomo lake lilowere kubafa.
Anandiyang'ana, nayang'ana pulani,
nachotsa pensulo kukhutu.
Eni ake adziwa?
Anati paliponse, ndinatero.

Ndinatola khala, ndinajambula bwalo pansi,
kukula kwake ngati lichero lalikulu,
ndi mzere wa mkono kuzungulira.
Mwana wamng'ono, Jafali, analowa m'bwalomo,
naima chilili, manja m'mbali, masaya atafufuma.
Ndine thanki, anatero. Ndikutentha.

Apongozi anafika ndi ndodo yawo pang'onopang'ono,
naika dzanja lamoyo lija pamutu pake,
nalisiya pomwepo kanthawi.
Eya, anatero, afunda.

Malaya a Twaibu ndawapinda m'sutikesi pansi pa bedi.
Akadzabwera adzasamba kaye,
nkhani ya wodirobu tidzakamba atapukuta.