Masupuni a Amayi

Anali khumi ndi awiri, masupuni a amayi.
Anawoloka nawo nyanja yamchere atawakulunga m'sokosi
pochoka ku Bristol, akadali namwali.
Lero atsala anayi.
Enawo ndasungunula.

Ntchitoyi ndimaigwira usiku, zenera nditatchinga ndi bulangete,
chifukwa kuno m'mbali mwa Delaware
mphekesera imathamanga kuposa kavalo.
Supuni ikalowa pamoto imayamba yagwada kaye
ngati nkhalamba yofuna kupemphera,
kenaka imangoti phwa, nkusanduka madzi onyezimira.
Ndimathira m'chikombole, ndimadikira, ndimatsegula.
Supuni imodzi imabala zipolopolo ziwiri
ndi kadontho kotsalira.

Mwamuna wanga Eliphalet walemba kalata kuchokera kumsasa.
Akuti chipale chofewa chafika m'mawondo,
nsapato zinatha kale, mapazi akukulunga ndi nsanza,
ndipo wofuna kudziwa kumene gulu lawo lagona
angotsata madontho a magazi.
Za ufulu sanatchulemo.
Wapempha mchere ndi masokosi.

Zinayamba ndi tinthu tochepa:
chidindo papepala, msonkho pa galasi, pa utoto, pa tiyi.
Mfumu yomwe sinapondepo dothi lino
inkadziwa mtengo wa zenera langa.
Tinausiya tiyiyo, tinkawiritsa masamba owawa a kudimba
nkumamwa tikuseka, nkhope zili tsinya.
Masiku amenewo zinkakhala ngati masewera.

Mlongo wanga Barnabas sankaseka nawo.
Ankati mwana satukwana bambo ake
ngakhale bamboyo akhale wouma manja.
Anyamata a padoko anam'paka phula lamoto
nkumumata nthenga za tsekwe,
ine ndikuyang'ana paphanga la chitseko, osatuluka.
Anathawira ku New York. Akuti wavala malaya ofiira.

Ndiye chipolopolo chikazizira m'dzanja langa
ndimachitembenuza, ndimachiyang'anitsitsa.
Amayi ankatidyetsa phala tonse awiri ndi supuni imodzi,
kamwa langa, kamwa lake, kamwa langa,
iye nkumaluma chitsulocho kuti ndichedwe kulandira.
Zipsera za mano ake zinalipo mpaka dzana.
Moto wazifufuta.

Wopukusa mvukuto ndi Cudjo.
Dzina lake linalembedwa m'wilo ya apongozi anga
pakati pa ng'ombe yamkaka ndi wotchi yapakhoma.
Analipo tsiku lija belu linalira mpaka kusasa mawu,
pamene anawerenga pepala lalikulu pamasitepe a khoti
amuna nkumaponya zipewa m'mwamba.
Iye anali atagwira zingwe za kavalo wathu, chipewa chili kumutu.

Usiku wathawu, makala atatsala pang'ono kuzima,
anandifunsa osadzutsa nkhope:
"Mayi Keziah, pepala lija likamati anthu onse,
limayamba kuwerenga kuchokera pati?"
Ndinati moto ukufa, onjezani mphepo.
Anawonjezera.
Manja ake sanalakwitse ngakhale kamodzi,
anga ndiwo ananjenjemera, chitsulo nkutayikira pansi,
chinasiya bala lakuda pathabwa, looneka ngati diso.

M'bandakucha kubwera mnyamata wa kavalo kudzatenga thumba.
Zipolopolo khumi ndi zisanu, chimodzi chija chinatayika.
Ndiyikamonso mchere pang'ono, ndi masokosi
omwe ndaluka ndi ulusi womasula ku shawelo ya amayi.
Sindidziwa chifuwa chomwe chilichonse chidzapeze.
Sindinalembepo dzina, koma chitsulo chili ndi chikumbumtima chake,
mwina chidzakumbukira kamwa lomwe chinadyetsa.

Atsala anayi.
Yanga. Ya Eliphalet, akabwera ndi mapazi ake onse.
Ya Barnabas, ngati dziko latsopanoli
lidzakhale ndi khomo lolowera anthu olakwitsa.
Yachinayi ndaiyika pathebulo,
ndaichotsa,
ndaiyikanso.
Cudjo amadyera kukhitchini, ndi supuni yamtengo yomwe anasema yekha,
ndipo sanandifunsenso kanthu.