Chaka Chabwino

Ine Twaibu Ajusa wa ku Chinamwali,
zaka makumi atatu ndatsegula mabotolo pamwamba pa phiri lino
koma lilime langa silidziwa vinyo.
Chipembedzo chinakaniza. Mphuno yokha ndiyo imaba.

Botolo ili linachokera ku Falansa.
Dzina la munda wake limakola pakamwa ngati mbedza.
Ndinaliphunzira pagalasi, usiku, sabata yathunthu,
mpaka mkazi wanga Asiyatu anafunsa ngati ndagwidwa majini.

Mbiri yake ndinailoweza pamtima.
Akuti ansembe a mikanjo yoyera ndiwo anaswa mphanje,
nazinga munda ndi mpanda wa miyala,
nalawa dothi kuti adziwe pothera malire.
Akuti nthaka yake ndi nsangalabwi zokhazokha,
yoti kwathu ngakhale chinangwa chikanakana,
koma mpesa umafuna kuzunzika,
muzu uzitsika kukapempha madzi kwa thanthwe.
Kenaka kunabwera kachilombo, kanadya mizu yonse.
Eni munda analira, nalumikiza mpesa wawo pa tsinde lachilendo.
Pa nkhondo anabisa mabotolo kuseri kwa khoma latsopano,
natola akangaude kuti alukepo, khomalo lioneke lakalekale.
Apa alendo amaseka nthawi zonse.
Ndimadikira amalize.

Usiku uno chiperoni chakwera kuchokera ku Mulunguzi,
chameza mapaini amene macheka anasiya.
Bwana wa tebulo lachinayi, wa ndevu zaimvi,
watembenuza botolo, wawerenga chaka,
wapsompsona nsonga za zala zake:
Chaka chabwino ichi! Dzuwa linawala mpaka tsiku lokolola,
mvula inadziwa malo ake.

Ndavomera ndi mutu. Ndi ntchito yanga.

Chaka chimenecho ndimachidziwa, bwana.
Ndi chomwe Chilwa inaphwa,
mabwato atagona chafufumimba pa matope ong'ambika ku Kachulu,
anthu n'kumapita ku Chisi wapansi.
Matemba anasowa mumsika.
Mvula inadziwadi malo ake, ndipo sikunali kuno.
Chaka chimenecho tinaika Shakira, wa miyezi isanu ndi inayi,
m'mawa mwake ine n'kukwera phiri,
malaya oyera, tayi wagulugufe,
poti kunali phwando la anthu makumi asanu ndi awiri.

Zonsezi zatsalira kukhosi.
Ndazula chitsekerero pang'onopang'ono kuti chisalire,
ndathira timadontho, ndabwerera m'mbuyo phazi limodzi.
Iye wazunguza tambula, walowetsamo mphuno,
akuti akumva mabulosi akuda, fodya, chikopa chakale,
ndi fungo la nthaka itangonyowa.

Nthaka itangonyowa!
Ife tinaliyembekezera mpaka khosi kuuma, fungo limenelo.
Kani linatsekeredwa m'botolo kutsidya kwa nyanja.

Mtengo wake ndi malipiro anga a miyezi itatu.
Anyamata a sitiroberi pa msewu wokhotakhota uja
angagulitse mpaka zala kufiira, osayandikirako.
Komabe munda umenewo sindidana nawo.
Kumeneko aliko wina wonga ine, wamsana wopindika,
amene amadulira nthambi m'chisanu zala zitauma gwa,
ndipo dzina lake palibe pa pepala la botolo.
Ndikanakonda tikanaonana, iye ndi ine,
ndimutengere kuseri kwa nyumba yanga
aone mpesa umodzi umene ndinabzala pafupi ndi bafa,
wobala timphesa towawasa
tomwe apumbwa amatha tisanapse.
Mwina akanandiuza podula.
Mwina akanangoseka, n'kupempha madzi akumwa.

Alendo akagona.
Pansi pa botolo patsala nsenga zakuda, zala ziwiri.
Ndakhuthulira m'ngalande,
ndalitsuka kasanu ndi kawiri, ndalikulunga m'jekete.
Mawa Asiyatu akagula palafini ku Mpondabwino
n'kuthira m'menemu,
chaka chija chili chilembedwere pamimba pake.