Kazenera Komvetsera

Leveni koloko usiku, Braamfontein.
Jenereta ikutsokomola pansi pa nyumba.
Refilwe wandisiyira kapepala pa kiyibodi:
"Batani losungira likukanabe.
Anamwino a ku Hillbrow atopa nalo."

Pulogalamu sinama, koma siulula.
Ndiye ndatsegula kazenera koyera,
kopanda chithunzi, kopanda zokongoletsa,
ntchito yake kumvetsera basi.

Ndasuntha mausi pang'ono.
Mizere yayamba kugwa ngati ngumbi pa getsi:
walowa, wayenda, wayendanso,
timadontho 212 kuchokera kumanzere,
87 kuchokera pamwamba,
watuluka.
Ngakhale kunjenjemera kwa chala changa kwalembedwa,
ndi nthawi yake yomwe,
mpaka kachidutswa ka sekondi.

Ndadina. Kalemba: wadina.
Ndachotsa chala.
Zii.

Ndabwereza kasanu, tiyi wazizira.
Kudina kukufika, kusiya sikukufika.
Kwa makinawa chala changa chikadali pomwepo,
chikukanikiza kuyambira Lolemba,
ndipo batani likudikira mwaulemu
kuti mlendo atsirize mawu ake.

Kunja mataxi a ku Bree agona.
Mlonda wathu, bambo Nkhwazi a ku Ntcheu,
agogoda pagalasi ndi tochi:
"Achimwene, mukuyang'ana chiyani m'manambalamo?"
Ndati, wakuba.
Aseka, akhala pampando wa Refilwe,
chipewa pabondo.

Mzere wa 4,031, ndi uyo.
Chala chisanadzuke
kazenera kena katseguka, kosaoneka ndi maso,
kakang'ono ngati njere ya therere,
kotsalira kwa munthu amene anasiya ntchito kalekale.
Kalanda khutu lonse,
kameza uthenga wosakhala wake,
kenaka katseka pakamwa.

Mizere itatu ndafufuta, umodzi ndalemba.
Wadina. Wasiya. Zasungidwa.
Mawa mlongo wina ku kiliniki
sadzalembanso dzina la wodwala kawiri,
ndipo sadzadziwa kuti ndinalipo.

Bambo Nkhwazi akuyang'anabe sikirini.
"Ndiye kamalemba zonse?
Wolowa, wotuluka?"
Zonse, bambo.
"Ine ku Beitbridge anandidinda polowa pokha.
Chaka chachisanu ndi chinayi chino."
Apukuta tochi ndi malaya,
abwerera kugeti.

Ndatsala ndekha ndi kazenera kanga.
Foni ili chafufumimba patebulo;
uthenga wa Ndaziona wa Lamulungu lija
ndinautsegula, sindinayankhe.
Kwawoko zikuoneka kuti ndinawerenga.
Iyenso ali ndi kazenera kake,
amakayang'ana asanagone.

Ndachotsa dzanja pa mausi.
Mizere yaima.
Kamzere kakuthwanima pansi penipeni,
sikakwiya, sikafunsa,
kakungodikira kuti wina akhudze kanthu.