Chitseko cha Hositelo ya Lichenya

Andiitana kudzazula chitseko.
Akuti chavunda m'munsi, chimalira usiku,
ndipo a bodi agula chachitsulo ku Limbe.
Ndafika ndi sowo, hamala, kathumba ka misomali,
chiperoni chikundilowa m'khosi.

Mkungudza suvunda, bwana, atha ndi mahinjesi.
Koma ndine kalipentala chabe. Ndangoti chabwino.

Matabwa awa anasenza ndi bambo anga, a Mulepa,
kuchokera pamwamba pa phiri, nkhata pamutu, phazi pamwala,
chaka chimene esiteti inapereka malo ano.
Osati malo abwinowo, ayi,
koma kuseri kwa mizere ya tiyi
kumene nansongole ankabaya ndi mbuzi zomwe.
Mayi anatunga madzi oumbira njerwa,
malipiro ake kapu ya mchere.
Uvuni unayaka masiku asanu ndi anayi.

Anyamata oyamba anali makumi atatu ndi awiri,
ena a ndevu kale, wina atasiya mkazi ku Muloza.
Ankagona pa mikeka m'kalasi momwemo
mpaka denga la hositelo litafoleredwa.
Belu lawo linali limu la thirakitala
lopachika pa mtengo wa peyala.
Bambo sanalowepo m'kalasi.
Akamadutsa pamsewu ankangoloza ndi chibwano:
chitseko icho ndi khosi langa.

Ndachigoneka pa udzu. Taonani mayina,
ena a msomali, ena a kampasi, ena a lezala.
Namakhwa, zilembo zoongoka ngati za m'kaundula,
amati anakafera kunja ali dokotala.
Khwiya, wa chaka cha sitalaka ya nyemba,
pamene anankafumbwe anachuluka kuposa ndiwo
anyamata n'kuguba mpaka pa boma, mbale m'manja.
Anachotsedwa asanu, iye woyamba.
Apa pali dzina lopalidwa ndi mpeni, latsala N yekha.
Mwini wake inadzamutenga galimoto yosayatsa nyali
zaka zija munthu sankafunsa,
bulangeti lake linakhala pabedi temu yonse.
Apa nkhuku ya miyendo itatu:
napolo atatsika ndi miyala
a m'midzi anagona muno masabata atatu,
mwana wina anapeza msomali.

Pansi penipeni, pamene thabwa lada,
W. Mulepa, F1.
Ndinalemba chogwada, usiku wa Lachisanu,
a folomu folo atandituma mandasi khumi
ndi batani la malaya, akuti ndibweze chenji.
Ndinalira, kenaka ndinalemba.

Matemu awiri okha.
Nandolo anagwa mtengo, fizi inakwera.
Ndinatulukira pa chitseko chomwechi, thiranki pamutu,
khosi langa likuphunzira zimene la bambo linkadziwa kale.
Mawu achilatini atatu ndikadali nawo,
sagula kanthu pa msika wa Chitakale.

Chachitsulo chalowa bwino, sichilira.
Kamnyamata ka malaya ofika m'mawondo
kaima pambali, kampasi m'thumba.
Kayesa pakona, poganiza kuti sindikuona.
Nsonga yaterereka, yapindika.
Kandifunsa, madala, chakalechi mukachiwotcha?

Ahedi anati nditenge, ndi nkhuni zabwino.
Ndadula kachidutswa m'munsi, chala chimodzi pansi pa dzina langa,
ndipo fungo latuluka, lonse,
ngati mtengo wagwa m'mawa uno:
phiri, chifunga, thukuta la munthu wotsika Lichenya.
Kamnyamata kanunkhiza utuchi m'manja,
kakufunsa ngati ndi perefyumu.

Belu lamagetsi lalira, kathamangira ku prepu.
Limu lija likadali pa peyala, ladzimbiri,
amaliimba magetsi akazima,
ndiye kuti pafupifupi tsiku lililonse.

Ndayesa kuchimanga pa njinga, chakana,
tayala lakumbuyo laphwa.
Ndasiya njinga kwa alonda.
Ndapinda jekete, ndapanga nkhata.
Mpaka kwathu ndi mtunda wa maola awiri
kudutsa m'tiyi, othyola akuweruka,
ndipo mayina onsewa akulemera
kuposa mmene ndinkaganizira.