Khadi Labwerera Kwawo

Zaka zitatu, a Zuze, khadi lanu la kubanki
linkagona m'thumba la malaya a Alufandika,
lomangidwa ndi mphira pamodzi ndi anzake makumi awiri
ngati makakana a pamsika wa Nchalo.
Inu kudula nzimbe, mwaye mpaka m'makutu,
iwo kukolola pamakina tsiku la malipiro
n'kukuponyerani chenje
ngati mwana wotumidwa mchere.

Sitinakongole kuti tidyere.
Madzi anabwera usiku wa Januwale osaodira,
anatenga khoma la kuchipinda, mbuzi zinayi ndi mbewu ya mapira.
Asanaume matope, mayi anu anatsikira kulichete,
ndipo bokosi silidikira kutha kwa mwezi.
Zikwi makumi asanu zinabala zana,
zana linaswa ana ake.
Katapila ndi mbuzi yokhayo m'chigwa chino
imene siifa ndi chigumula.

Inenso ndinali ndi yanga yobisa.
Kubanki mkhonde dzina la Chanaze linkatchulidwa komaliza,
amayi akuyang'ana pansi.
Geni yanga ya mandasi inathera m'mimba mwa ana,
mafuta ake ndikubwezabe.

Mukukumbuka usiku uja wa Okutobala?
M'nyumba munali ng'anjo, tinayala mphasa pabwalo,
udzudzu ukuimba m'makutu.
Munati, tchula zako, nditchule zanga.
Tinavulirana manambala powala tochi ya foni,
manyazi oposa a tsiku loyamba la ukwati.
Ndinalemba kumapeto kwa kope la masamu la Esinati,
pansi pa samu imene aphunzitsi anaithetha ndi cholembera chofiira.
Yathuyo panalibe woithetha.
Inali yoona.

Kuyambira apo, zitini zitatu pansi pa bedi:
cha Alufandika, cha sukulu,
ndi chaching'ono cha tsiku losadziwika.
Inu munasiya njira ya kumowa,
munkazungulira kutchalitchi ngati wotembenuka mtima.
Ine ndinapita ku ukwati wa mphwanga ndi chitenje cha chaka chatha,
ndinavina kumbuyo kwa mzere.
Madzi ataphwa tinatsikira kudimba,
mbatata, maungu, chimanga chachiwisi chokagulitsa pamsewu.
Thonje la chaka chimenecho silinalowe m'nyumba,
linachoka pasikelo n'kulunjika kwa mwini wake.

Alamu atabwera kuchokera ku Bangula ndi nkhani yaitali,
tinawapatsa maungu awiri ndi tiyi wopanda shuga.
Tangoganizani, utsi wa fakitale uli pamphuno pathu,
ife tikumwa madzi ofiira!
Anapita akuti tayamba kuumira.
Zinandiwawa sabata yonse.

Mu Juni munatapa m'chitini.
Ndinadziwa, sindinakufunseni.
Ndinangolemba kuti: mwera watenga zikwi zinayi.
Patapita milungu itatu ndinapeza zolemba zanu zokhotakhota:
mwera wabweza, wapepesa.
Ndinaseka ndekha kuseri kwa khola lopanda mbuzi.

Lero mwalowa osatsika bwino panjinga,
mwaliika m'dzanja langa.
Lapindika pakona, likununkha fodya wa munthu wina.
Kanthu kochepa chonchi,
kosakwana kupalira mamba a mphende,
n'kamene kanatidya tsitsi mpaka imvi?

Musathamangire kugula nyama.
Kugolosale ya a Mainato kwatsala zikwi ziwiri za sopo,
Luwishi akufuna nsapato za mayeso,
ndipo onani kumtunda uko, kumapiri a Thyolo,
mitambo yayamba kale kuunjikana ngati okongoza.
Shire sanalonjeze kanthu kwa munthu.

Komabe tumani Esinati.
Agule shuga wa pakapepala, wa lero lokha.
Musunge chenje.
Ndilembe.