Dzanja la M'mphepete mwa Chithunzi

Ndachipeza m'sutikesi ya malemu,
pansi pa yunifomu yoyera ija
imene njenjete zaisandutsa sefa:
chithunzi cha pa positikhadi.

Phiri la Zomba lafunda mitambo,
kapinga wa pakalabu wametedwa mpala,
azungu anayi akuseka pansi pa jakaranda.
Chakumanja, pomwe pepala likuthera,
pali dzanja lakuda lanyamula thireyi.
Dzanja lokha.
Mwini wake sanakwanemo.

Ndikulidziwa dzanjalo.
Chala chamkombaphala chija n'chomwe chinkandiloza
ndikabwera mochedwa kosamba ku Mulunguzi.
Ndi bambo anga, a Mkwapatira,
amene bwana ankawatcha Jemusi
poti dzina lawo limamupweteka lilime.

Makhadi otere ankakwera sitima ya pamadzi
kukauza a kutsidya kuti kuno kuli bata,
kuti eni dziko ndi aulemu, omwetulira.
Sankatchula kazenera ka kuseri kwa sitolo
komwe mayi ankaima padzuwa, mwana kumsana,
kugula shuga osaona shelefu.
Ndalama yawo inkalowa.
Iwo ayi.

Kenaka chaka cha malole a usiku chinafika.
Anawapeza ndi khadi lachipani m'sokosi,
anawakweza asanamange ndi lamba yemwe.
Chitseko cha lole chinapana chala chija,
chinapola chokhota ngati mbedza.
Miyezi itapita, mbusa wina anabwera ndi nyuzi yakunja,
anaitsegula pakhonde pathu:
amuna ambirimbiri kuseri kwa waya,
ndipo wachitatu kuchokera kumanzere,
bambo anga,
athunthu, kuyambira tsitsi mpaka zidendene.
Kuti akwane pachithunzi
panafunika waya waminga.

Akuti kutsidyako anthu anachita manyazi,
anafunsana m'nyumba zawo zamalamulo
kuti kodi jakaranda uja wabisa chiyani.
Bambo sanamve mafunsowo.
Iwo ankawerenga nsabwe.

Mbendera itasintha tinavina mpaka fumbi kobo,
chitseko chakumaso cha sitolo chinatseguka,
mayi analowa, anayang'ana mashelefu onse,
n'kutuluka ndi machesi.
Tinasindikiza makhadi athu tsopano,
phiri lomweli, maluwa omwewa,
tinalembapo kuti ndife anthu amsangala.
Koma msewu wa ku Mikuyu
sitinaujambule.
Lumo lodulira zithunzi azungu anatisiyira,
ndipo tinalinola tokha.

Dzana ndinapita kukalabu kuja.
Palibe anandifunsa khungu,
mlonda anangoyang'ana nsapato zanga.
Ndinakhala pansi pa mtengo womwewo,
wakalamba, ukuthothoka maluwa ngati imvi zanga.
Mnyamata anabwera ndi thireyi ya tiyi.
Mlendo wina patebulo loyandikana
anakweza foni kuti ajambule phiri,
n'kumukodola mnyamatayo kuti asunthe pang'ono.

Ndinamugwira mkono wa malaya.
Dzina lako ndani, mwanawe?
Anati Sautso, wa kwa Chikowi.
Ndinati Sautso, ima pomwepo,
phiri ili silithawa,
koma iwe ukasuntha
zaka makumi asanu ndi limodzi zidzapita
mwana wako akufunafuna nkhope yako m'sutikesi.

Anaseka, osamvetsa,
poganiza kuti gogoyu mutu wayamba kuzungulira.
Komabe anaima.
Tiyi anazizira m'kapu.
Mlendo anajambula,
sindikudziwa ngati pofika kwawo sadzadula.